Wakutsina khutu ndi mnansi: chithunzi cha banja satola mothamanga

Masiku ano aliyense ndi kameramani. Mayi wa tomato pa Lizulu kamera ali nayo pa mfundo ya chitenje, mnyamata wa kaunjika ku Limbe ali nayo m'thumba la jinzi, ngakhale wa kabaza pa Ndirande akamadikira kasitomala amakhala akudzitola yekha, mlomo atapotoza. Koma tam'funsani munthu yemweyo kuti akuonetseni chithunzi chimodzi chokha chooneka bwino, chomwe mukupezeka banja lake lonse: bambo, mayi, ana ndi agogo. Muona ayamba kukanda m'mutu. M'fonimo zithunzi zilimo mazanamazana, inde, koma ndi za nsapato zotsatsa pa WhatsApp, za mpira ndi za anthu ena oti sawadziwa nkomwe.

Vutoli limadzaonekera pa maliro. Ntchito yanga yosakasaka nkhaniyi imandifikitsa m'masiwa ambiri, ndipo zomwe ndimaonako nzimodzimodzi. Munthu akangotisiya, achibale amayamba piringupiringu kufuna chithunzi choti aike pa pulogalamu. Mapeto ake chimapezeka ndi cha pa chiphaso cha unzika, chija anthu adatoledwa pa kalembera wa 2017, nkhope ili gwa ngati munthu wogwidwa ndi mbuzi yakuba. Mayi woti akaseka msika wonse unkamva, lero akutsanzikana ndi dziko ndi nkhope ya ku polisi. Abale, zimenezi nzoona?

Tatulutsani K2,000 m'kachikwama kanuko muione. Nkhope ya John Chilembwe ili pamenepoyo tikuidziwa chifukwa padapezeka munthu amene adaima ndi kamera nkumutola. Chilipo chithunzi chake ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo. Chiliponso china cha 1914, ataima panja ndi mmishonale John Chorley ku Mbombwe, chipewa chili kumutu. Chaka chotsatira Chilembwe adaphedwa, tchalitchi chake atsamunda nkuchigwetsa, koma chithunzicho chidatsala, mpaka Samson Kambalu adachisandutsa chiboliboli chomwe mu 2022 chidakaimikidwa ku Trafalgar Square mu mzinda wa London. Tsono ngati zidzukulu zanu zidzakudziwireni pa chithunzi, si bwino kuti chithunzicho chitoledwe mwaulemu?

Ine sindine katswiri wa ku koleji ayi. Ndidaphunzira kutola chifukwa nkhani yopanda chithunzi akonzi a nyuzi saigula msanga. Ndiye poti anthu amandiona ndi kamera, pa Khirisimasi ndi pa chinkhoswe amandikoka malaya, amvekere, "Aise, tatitole ndi banja langali." Zomwe ndatola m'menemo ndi zomwe ndati ndikutsineni nazo khutu lero. Sizifuna foni ya mamiliyoni. Itel kapena Tecno yanu yomweyo ikwanira.

Yambani mwaona dzuwa

Ambirife timatola zithunzi potuluka ku tchalitchi kapena ku mzikiti, poti ndi nthawi yomwe tatchena. Tsoka lake nthawi imeneyo dzuwa limakhala lili paliwombo. Kuwala kukamachokera pamwamba penipeni, mthunzi umagwera m'maso ndi kunsi kwa mphuno, maso nkumaoneka ngati maenje, chipumi chili waliwali ndi thukuta, aliyense atakwinya nkhope ngati walawa bwemba. Nthawi yabwino ndi m'mawa isanakwane 8 koloko, kapena madzulo kuyambira 4 koloko, dzuwa litapendeka. Pamenepo kuwala kumabwera cham'mbali, kofewa, ndipo khungu lathuli limatuluka lokongola zedi. Koma musachedwe, kuno dzuwa likayamba kutsika silidikira munthu. Mu Juni ndi Julayi ikamati hafu pasiti 5 lalowa kale, ndipo ngakhale mu Disembala silipitirira patali 6 koloko. Amene amayamba kusita malaya 5 koloko atoledwa mu mdima.

Nanga alendo akati minibasi iwasiya, chithunzi chitoledwe masana omwewo? Thawirani pa mthunzi. Mtengo wa mango ndiye dolo, poti masamba ake ngothithikana. Anthuwo muwaimike cha kumphepete kwa mthunzi, nkhope zitaloza kunja koyera, osati pa tsinde pomwe pali bii. Mupewe mitengo ya masamba apatalipatali yomwe imadontheza dzuwa, chifukwa anthu amatuluka ali mawangamawanga ngati nkhanga. Khonde nalonso limathandiza. Ndipo tsiku la mitambo musadandaule. Inu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, chiperoni chomwe mumachinyoza chikakupherani malonda chija ndi bwenzi la kamera. Mitambo imasefa dzuwa, ndiye palibe wotsinzina, palibe wa maso a maenje.

Mukatola pa dzuwa, lisawathobwe m'maso anthu anu, lisakhalenso kumbuyo kwawo kwenikweni. Likhale cham'mbali, kuseri kwa phewa lanu, ndipo muonetsetse kuti mthunzi wanu sukugwera pa miyendo yawo. Amene mumapita ku Senga Bay ku Salima pa holide, mukumbukire kuti kumeneko dzuwa limatulukira ku nyanja. Mukawaimika m'mawa nyanja ili kumbuyo, mupeza madzi okongola ndi anthu akuda ngati zitsa za pa lupsa. Dikirani madzulo dzuwa likapita kumtunda, nyanja ndi nkhope zonse zituluka.

Kamera ndi khungu lakuda

Apa pali nkhani yomwe ambiri saidziwa. Kamera siiona ngati diso la munthu. Iyo imayeza kuwala konse komwe kuli patsogolo pake nkufuna pakatikati. Ikaona thambo loyera, khoma la laimu ndi malaya oyera a bambo, imati kwawalitsa, nkuchepetsa kuwala, ndipo zoyamba kuzimirira ndi nkhope zathu zakudazi. Vutoli ndi lakale. Ku America, kuyambira m'ma 1950, a Kodak ankayesera makina otsukira zithunzi pa khadi lokhala ndi nkhope ya mzimayi wachizungu, lomwe ankalitcha Shirley, ndipo khadi lawo la anthu a makungu osiyanasiyana lidadzabwera m'ma 1990. Ngakhale a Google mu 2021 adachita kulengeza kuti kamera ya foni yawo ya Pixel 6 aikonza kuti izitulutsa bwino khungu lakuda. Ndiye mukaona agogo atuluka mano okhaokha, musati ndi osaoneka bwino, ndi makina.

Mankhwala ake ngosavuta. Musanatole, dinani ndi chala nkhope ya munthu wapakati pa sikilini. Foni iyeza kuwala pa nkhope imeneyo. M'mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa. Kakwezeni pang'ono mpaka maso ndi masaya zioneke. Thambo nalo lichepetseni, simukutola mitambo. Nkhope zikakhala zikadali zakuda, yalani nsalu yoyera pansi patsogolo pawo, kapena mwana wa aneba agwire thumba loyera la ufa cham'mbali kuti libwezere kuwala ku nkhope.

Koma chonde, zoyeretsa nkhope zomwe mafoni amabwera nazo, za beauty zija, muzizimitse. Zimafufuta makwinya nkuyeretsa agogo ngati ayamba kudzola mafuta osintha khungu. Makwinya amenewo adawavutikira. Mdzukulu adzafuna kuona agogo ake, osati mlendo.

Chinanso chaching'ono koma chikupha zithunzi zambiri pamsika ndi diso la kamera. Inu a tchipisi, a nyama, a usipa, a makala, foni mumaigwira ndi manja a ntchito tsiku lonse. Chithunzi chikamatuluka mbuu ngati kuli utsi wa mu Okutobala, musathamangire kwa okonza mafoni. Pukutani kagalasiko ndi kansalu kofewa, basi.

Kumbuyoko kuli chiyani?

Diso lathu limathamangira pa nkhope, koma kamera imatola zonse, ilibe manyazi. Ndaonapo zithunzi za mabanja otchena bwinobwino, kumbuyo kuli chimbudzi chitseko chili pululu, kapena chingwe cha zovala zamkati, kapena polo ya magetsi itamera pa mutu pa bambo. Sunthani mapazi awiri kumanja kapena kumanzere, poloyo ichoka yokha. Anthuwo asatsamire khoma kapena mpanda. Abwere kutsogolo mapazi atatu kapena anayi kuti aoneke okha, khomalo litsale kutali. Amene pa lendi mpothina, malo otakasuka alipo: Njamba ku Blantyre, munda wa maluwa wa Botanic ku Zomba, kapena bwalo la sukulu ya kwanuko. Mu Seputembala ndi Okutobala jakaranda amakongoletsa misewu ulere, ndipo m'dzinja kulikonse kuli biriwiri.

Komabe pochotsa zonyansa musachotse moyo wanu. Pali chizolowezi chokaima pa galimoto ya eni ake kapena pa geti ya hotela, ati akumudzi aziona ngati m'tauni zikuyenda. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Kwathu kuli chithunzi chimodzi chokha cha malemu agogo anga aamuna. Anali telala wa pa khonde la sitolo, ndipo wojambula wa pa njinga, aja ankayenda m'makwalala kamera ya filimu ili m'khosi, adawatola ali pa makina awo a Singer, tepi ili pa phewa, agogo aakazi ataima pambali mayi anga ali kumsana. Ine agogowo sindidawapeze, koma ndikudziwa m'mene ankakhalira pa mpando, nsapato zomwe ankavala, ngakhale njinga yomwe idatsamira chipilala. Akadakaima pa galimoto ya bwana wina, bwenzi lero tikusunga galimoto ya bwanayo. Ndiye inu amayi a tomato, tsiku lina tolani banja lanu pa benchi lanu lomwelo, milu ili poteropo. Benchi limenelo ndi lomwe likulipira fizi, musachite nalo manyazi.

Banja ndi mulu wa tomato

Pa kaimikidwe ka anthu, inu a pamsika simufunika sukulu, poti mulu wa tomato mumautha kale: pansi potakata, pamwamba posongoka, tomato aliyense akuonetsa mbali yake yabwino kwa kasitomala. Banja nalo chimodzimodzi. Akuluakulu akhale pa mipando pakati, ataliatali aime kumbuyo, ana akhale pa mkeka kutsogolo kapena pa miyendo. Musawandandalike mzere umodzi ngati asilikali pa perete. Ayandikane, mipata itsekeke, ndipo wa kumbuyo aike nkhope yake pakati pa mitu iwiri ya kutsogolo. Muwauze kuti amene sakuona kamera ndi maso onse awiri, kameranso siikumuona.

Foni muigoneke chopingasa, muigwire ndi manja awiri, zigongono zitatsamira nthiti kuti isanjenjemere, ndipo ikhale pa msinkhu wa nkhope zawo. Musayandikire kwambiri chifukwa kamera ya foni imatambasula anthu a m'mphepete, azakhali nkutuluka onenepa kawiri, mlandu wake simuutha. Bwererani m'mbuyo pang'ono, musiye malo kumbali, pamwamba ndi pansi. Malowo adzakupulumutsani potsukitsa, chifukwa pepala la mainchesi 6 kwa 4 silifanana ndi chithunzi cha mafoni ambiri, ndiye makina amadulako pamwamba ndi pansi. Mukathinitsa, mutu wa achimwene utsala ku situdiyo. Zoom yokoka ndi zala ija muisiye, imangophwanya chithunzi. Miyendo muli nayo, yendani. Portrait ndi yabwino kwa munthu mmodzi kapena awiri, koma pa gulu imasiya a kumbuyo ali chizimezime.

Wogwira kamera asaiwalenso mwambo. Sikuti poti mwanyamula foni ndiye mwasanduka mfumu. Agogo sitiwagwira chibwano nkumawatembenuza ngati dzungu la malonda. Timapita pafupi, nkugwada, nkunena kuti, "Agogo, tadzutsaniko nkhope pang'ono, muyang'ane kuno." Mkamwini ndi apongozi ake musawakakamize kugundana mapewa. M'mabanja ambiri zimenezo nzochititsa manyazi, ndipo manyaziwo adzaoneka pa chithunzi mpaka kalekale. Ikani mdzukulu pakati pawo, nkhani yatha. Amayi omwe ali ku khitchini muwauziretu nthawi ilipo, asambe m'manja, amange duku lawo bwino, osati kuwakoka mthiko uli m'manja, utsi uli m'maso.

Za zovala, yunifomu si lamulo. Aliyense avale chomwe amamasuka nacho, bola chochapa. Koma nsalu ya chipani ndi tisheti ya kampeni muyambe mwavula. Chiyambire 1994 taona zipani zikukwatirana nkusudzulana kangati? Chithunzi cha banja chidzakhalapo mgwirizano utatha kalekale, ndiye ana adzafunsa kuti bambo ali pa chifuwa cha amayiwa ndi malume a kuti.

Werengani anthu

Chachikulu pa zonse ndi ichi. M'nyumba zathu zambiri muli mwana wa malemu achemwali kapena achimwene amene tikumulera. Nthawi ya chithunzi ikakwana, mwana ameneyo ndi amene amatumidwa kukatenga mpando, kenako nkupatsidwa foni kuti "iwe titole". Palibe wamutukwana, palibe wamumenya, koma pakapita zaka 20 adzatsegula alubamu nkupeza kuti m'nyumba yomwe adakuliramo iye mulibemo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pakamwa. Tiziteronso pa chithunzi. Mafoni athuwa ali ndi timer. Itchereni pa masekondi 10, foni muitsamiritse ku njerwa pa tebulo kapena pa ndowa yovundikira, muthamange mukaime nawo. Apo ayi itanani aneba. Mayi wa pa nyumba nayenso, amene nthawi zonse amati "ine ayi, sindidasambe", tsiku limenelo asathawe. Ana ake ndi omwe adzasowe nkhope yake.

Nanga kumwetulira? Mukangoti "wani, thu, fili", anthu amauma gwa, ndi kupuma komwe kusiya. Makolo athu adazolowera choncho chifukwa kale filimu inkakhala ya zithunzi 24 kapena 36, chilichonse chinali ndalama, ndipo wotola ankangodina kamodzi. Ukaphethira zako zada, udzazionera pakatha sabata. Lero kudina nkwaulere. Tolani 10, tolani 15. Alankhuleni, akumbutseni nkhani ya pa banja yomwe aliyense amaseka nayo, funsani kuti m'nyumba muno amatha nsima ndani. Ndipo mukanena kuti "basi tatha", musatsitse foni. Tolani cha basela pamene akumasuka, akusekana. Kawirikawiri chimenecho ndi chomwe chimakakhala pa khoma.

Ana aang'ono ayambe adya, ndipo musawakalipire, mwana wolira saoneka bwino ngakhale mu suti. Kuona maso a nkhono nkudekha. Wina aime kumbuyo kwanu aziwomba m'manja kapena kugwedeza makiyi. Akuluakulu muwauze kuti maso awo akhale pa kamera, osati pa mwanayo, chifukwa nthawi yomwe mwana waseka mupeza onse aweramira kwa iye.

Cha m'foni sichidafike

Foni imabedwa m'depoti, imagwera m'ndowa, memori khadi imafa osatsanzika. Sankhani zithunzi ziwiri kapena zitatu zabwino mukatsukitse ku situdiyo. Mukamatumiza pa WhatsApp mutumize ngati document, chifukwa mukatumiza mwa masiku onse chimafinyidwa kuti chichepe, ndiye pa pepala chimatuluka chophwanyikaphwanyika. Kumbuyo kwake lembani, mosadinikiza, maina a onse, malo ndi tsiku. Lero mukuwadziwa, koma mdzukulu sadzawadziwa.

Ndipo musasunge pamalo amodzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'maboma ena a kum'mwera, anthu nkutsala ndi zovala za m'thupi zokha. Chithunzi chomwe chili m'nyumba imodzi chimapita ndi nyumbayo. Tsukitsani ziwiriziwiri, china chipite kumudzi, china mutumize pa foni kwa achimwene ku Johannesburg. Amene muli ndi akaunti ya Google ikaninso ku Google Photos, malo a 15 GB amapereka ulere, inu nkungogula bandulo. Za Facebook zokha muyambe mwafunsa eni nkhope, makamaka pa zithunzi za ana, poti si onse oona amene amakufunirani zabwino.

Ndikudziwa ena mukuti mpamba ngochepa, malonda sakuyenda, zithunzi ndi za anthu okhuta. Koma zonse ndanenazi, kupatula kutsukitsa ndi kabandulo, sizidya ndi tambala yomwe. Zimafuna theka la ola basi, ndi kuti anthu akhale pamodzi akadali moyo. Banja silikumana lonse kawirikawiri: wina ali ku sukulu yogonera, wina adapita ku geni ku Mzuzu, agogo angobwera kudzaonana ndi dokotala, mawa abwerera. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lamulungu likubwerali, ikamakwana 4 koloko, tsekani benchi msanga, tulutsani mpando wa agogo pansi pa mango, pukutani kagalasi, muwerenge anthu. Amene akusowa mumudikire.